Mmene Gologolo Adaperekezera Alonda a ku Mpata

Kudali kale, kale lija nyama zinkaitanizana misonkhano ndi kutumizirana akazembe ngati anthu. Amene muli nane, khalani nane.

Pakati pa mayiko awiri aakulu padali kadziko kotchedwa Mpata. Kumtunda kudali dziko la anyanga, kumene ankalamula ndi Njati. Kumunsi kudali dziko la azikhadabo, kumene ankalamula ndi Kambuku. Njira yochoka kwa awa kupita kwa awo idali imodzi yokha, ndipo inkadutsa pakati penipeni pa Mpata. Eni kadzikoko adali tinyama topanda choopsezera wina aliyense: mbewa, mbira, afulu, agologolo ndi ena otero. Mfumu yawo idali Mbira, wamtima wabwino, wokonda kuothera dzuwa, koma wa nthenda imodzi: ankagwirizana ndi aliyense amene wayankhula naye pomalizira.

Kazembe wa ku Mpata adali Gologolo. Ndodo ya ukazembe adailandira mchira wake uli wodzaza bwino, ndipo pa nthawi ya nthano yathuyi mchirawo udali utathothoka, mawondo akulira pokwera mtengo. Adali atatopa. Chimene ankafuna chidali chimodzi: kutula ndodoyo, kukhala pakhonde ndi mkazi wake Nangozo, n'kumasenda mtedza osamvanso liwu loti pangano. Chaka chilichonse ankapempha, ndipo chaka chilichonse Mfumu Mbira ankamuuza kuti adzatula dziko likadzakhala phee, popanda mlendo wonyamula zida m'mudzi.

Tsiku lina Njati adatumiza uthenga. Adati Kambuku akunola zikhadabo, ndipo akanyamuka adzadzera pa Mpata. Choncho iye mwini abwera ndi asilikali ake kudzalonda, ulere, chifukwa cha chibale. Gologolo adauza mfumu kuti ifunse kaye tsiku limene alondawo adzachoke. Mfumu idati ndi nzeru imeneyo. Koma madzulo ake nthumwi ya Njati idabweranso kudzatsanzika, ndipo poti ndiyo idayankhula pomalizira, anyanga adalowa.

Kunena zoona, anyanga sadadye aliyense. Adangodya minda. Chitsime adachiponda mpaka chidasanduka thope. Njati imodzi ikati itembenuke, nyumba ya mbewa inkagwa, njatiyo n'kupepesa mwaulemu ndithu, kenako n'kutembenukiranso mbali ina. Itatha miyezi itatu, ana a m'mudzi adayamba kugona ndi njala, Kambuku wonenedwa uja osaoneka ngakhale phazi lake.

Tsono ku Mpata kudali mwambo umene nyama zonse zinkaudziwa, zazikulu zomwe. Mlendo sathamangitsidwa, ndipo safunsidwa tsiku lochoka. Koma akatsanzika yekha, mudzi wonse umamusenzera katundu, kumuimbira nyimbo yoperekeza ndi kuyenda naye mpaka iye mwini atanena kuti, “Bwererani.” Liwu limenelo likatuluka, eni mudzi amatula katundu, mlendo amapitirira, ndipo sabweranso asadaitanidwe.

Gologolo adausinkhasinkha mwambowo n'kupeza pamene udali wobooka. Unkanena za mlendo amene watsanzika, koma sunkanena kuti adamumva akutsanzika ndani. Adapita kwa Khwangwala, amene ntchito yake idali kuuluka m'mayiko onse ndi nkhani za eni ake, n'kumutsina khutu kuti Kambuku wamva fungo la Njati, wachita mantha, nkhondo yatha isadayambe. Adamupempha kuti asauze wina aliyense. Pofika m'mawa mwake nkhaniyo idali itafika kumtunda ndi kumunsi komwe.

Dzuwa litakwera, mudzi wonse udafika pa msasa wa anyanga. Mbewa zidanyamula mikeka, afulu adasenza miphika, amayi adayamba nyimbo. Idali nyimbo yothokoza mlendo kuti adabwera bwino ndipo wagwira ntchito yake, kenako inkamukumbutsa kuti njira ya kwawo yauma ndipo akunyumba akumudikira. Amayi ankaitsogolera, abambo ankavomera ndi mawu apansi, ndipo tsiku limenelo idamveka ndi mphamvu, chifukwa njala imaimbitsa.

Njati adatuluka maso ali psuu, n'kufunsa kuti watsanzika ndani.

“Tamva kwa Khwangwala, mfumu,” adatero Gologolo atagwada, “kuti Kambuku wakuopani. Ntchito mwaitha. Kapena tamva molakwa? Ngati sakukuopani, nenani pano, titule katunduyu.”

Njati adayang'ana asilikali ake. Adayang'ananso Khwangwala, amene adali pa nthambi khosi litapendekeka. Kunena pagulu kuti Kambuku samuopa kudamukanika. Adapukusa nyanga, adati inde, adali pafupi kutsanzika, n'kuuyamba. Pamalire adanena liwu lija mokweza ngati mwini ulendo.

Gologolo adabwerera kunyumba miyendo itatupa. Nangozo adamuthowa ndi madzi ofunda, ndipo iye adagona masiku awiri, akuganiza kuti akadzuka akatula ndodo. Ali chigonere, nthumwi ya Kambuku idafika kwa mfumu. Idati mbuye wake wamva ndi chisoni kuti anyanga adawononga minda ya ku Mpata, ndipo anthu otero amabweranso, choncho azikhadabo abwera kudzaonetsetsa kuti asabwerenso. Padalibe woyankhula pambuyo pa nthumwiyo. Gologolo podzuka adapeza afisi, asilikali a Kambuku, atakhala kale pa bwalo.

Awa minda sadaikhudze. Kungoti ana a mbewa ankapita kuchitsime asanu n'kubwerako anayi, ndipo ukafunsa, afisi ankati mwina akuba ndi anyanga, n'chifukwa chake m'pofunika kuwonjezera alonda. Maliro opanda mtembo adachuluka. Gologolo ankakhala pa maliro alionse atagwira ndodo yake, akuchita manyazi kuyang'ana amayi ofedwawo kumaso.

Kambuku sadali wopusa. Zimene zidachitikira Njati adazimva, choncho adabwera wopanda mkeka ngakhale mphika, kuti pasapezeke chosenza. Adaletsanso afisi kulandira chilichonse chomangidwa ndi luzi, chifukwa ankadziwa mbali ina ya mwambo uja: kamba wa paulendo amapatsidwa kwa wochoka yekha, ndipo wolandira kamba ndiye kuti watsanzika.

Gologolo sadapatse fisi aliyense kanthu. Adangouza mudzi kuti utole mafupa onse a m'tchire, zikopa zouma ndi nsomba zowamba, n'kuzimanga m'mitolo ndi luzi, mamangidwe a kamba. Ndiye adayamba kudutsitsa mitoloyo pamaso pa afisi. Adadutsa koyamba, afisi adameza malovu n'kuyang'ana kumbali. Adadutsa kachiwiri, mphepo ikuchokera kwa iye, ndipo mkulu wa afisi adafunsa kuti zimenezo n'za yani. Gologolo adati n'za apaulendo, ndipo adapepesa kwambiri kuti sangawagawireko. Adadutsa kachitatu pa nthawi imene Khwangwala adali atatera pa bwalo, n'kupunthwa mwadala, mtolo umodzi n'kumasuka pang'ono.

“Musakhudze, abwana,” adatero. “Uyu ndi kamba wa apaulendo okhaokha.”

“Nanga ife ndife a pano?” adatero mkulu wa afisi. “Ifenso ndife apaulendo.” Ndipo afisi onse adagwera mitoloyo.

Mafupa asadathe m'kamwa, nyimbo idayamba. Idali yomweyo, yothokoza mlendo ndi kumukumbutsa za njira youma, koma ulendo uno amayi ena ankaiimba misozi ikutsika, ndipo pamawu othokozawo khosi linkawatseka. Kambuku adalumpha kuchoka pamthunzi n'kupeza asilikali ake luzi lili lendelende pakamwa, Khwangwala akutambasula kale mapiko. Akadakhala, mawa lake mayiko onse akadamva kuti Kambuku amadya kamba n'kubwerera m'nyumba ya eni. Adayenda. Pamalire adaweramira Gologolo n'kuyankhula motsitsa.

“Bwererani. Koma iwe nkhalamba, udzatopa.”

“Ndidatopa kale, mfumu,” adayankha Gologolo.

Ulendo uno sadagone. Adapita molunjika kwa Mfumu Mbira ndodo ili m'manja, ndipo mfumu idatambasula dzanja kuti ilandire. Pomwepo Khwangwala adatera ndi nkhani yoti Njati ndi Kambuku akukumana, ndipo nkhani yokambirana ndi ya Mpata. Mfumu idabweza dzanja lake. Idamupempha Gologolo kuti apiteko kamodzi kokha aka, kotsiriza.

Adapita. Pakhomo pa msonkhano adamuuza kuti adikire, aitanidwa. Adadikira masiku atatu, akumva kuseka m'katimo. Zidapezeka kuti akuluakulu awiriwo adazindikira kuti wina amadya udzu, wina amadya nyama, ndiye zaka zonsezi ankalimbirana chiyani? Adagwirizananso kuti kadziko ka pakati kaja kadawachititsa manyazi onse awiri. Koma chibwenzi chawo sichidafike poti wina n'kumusiyira mnzake njira. Choncho adalemba waganyu wopanda nyanga ndiponso wopanda zikhadabo kuti akalonde m'dzina la onse awiri. Tsiku lachitatu wantchito wina adatuluka kudzamuuza Gologolo kuti zatha, ndipo a ku Mpata akuwayamikira chifukwa cha kumvetsa kwawo.

Waganyuyo adali Nsato. Adafika yekha, adagona chopingasa pa njira, n'kungokhala. Sankaopseza wina, sankakweza mawu. Mwezi ukaoneka ankameza mmodzi, basi. Woyamba kumezedwa adali Bwampini, nduna ya za minda, amene adakulira limodzi ndi Gologolo. Imfa imeneyo idamupweteka Gologolo kuposa zonse zam'mbuyo, ndipo kwa masiku angapo nzeru zidamuthera.

Adayesa zakale zija, poti n'zimene adali nazo. Katundu woti asenze padalibe. Adabwera ndi kamba, Nsato adati iye amadya zoyenda zokha. Adabweretsa Khwangwala n'kunena mokweza kuti mlonda wodya eni mudzi adzasekedwa m'mayiko onse. Nsato adatsegula diso limodzi n'kunena kuti iye ndi waganyu, manyazi ndi a amene ali ndi dziko. Gologolo adabwerera kunyumba n'kukhala pansi osayankhula, mtedza umene Nangozo adamuikira pambali osaukhudza.

Mwezi wachiwiri utaoneka, Nsato adameza mbira wina, mphwake wa mfumu. Patapita masiku awiri Nangozo adabwera kotola nkhuni n'kunena kuti mlonda uja wafundula, ndipo khungu lakalelo waliika pafupi ndi mutu wake, sakulola ngakhale nyerere kulikwera. Gologolo adafunsa chifukwa chake. Nangozo adati amayi ake ankanena kuti nsato siisiya khungu lake m'manja mwa alendo, chifukwa wina akalitentha, latsopanolo limatuluka zilonda zosapola. Adangonena ngati nkhani ya kunkhuni, koma ataona mmene mwamuna wake adadzukira, adasiya zimene ankachita.

Masana a tsiku lotsatira, Nsato ali gone padzuwa, mimba ikadali yolemera, Gologolo adafika mwakachetechete. Adakulunga khungulo ngati mkeka, adalisenza pamutu, adabwerera mapazi khumi, n'kuyambitsa yekha nyimbo ndi mawu ake osasa. Mudzi udatuluka n'kuvomera. Oimba adali atachepa, nyimboyo idamveka yowonda, koma idali yomweyo.

Nsato adadzuka n'kuuza Gologolo kuti atule chinthu chimenecho.

“Ndi katundu wanu, abwana. Tikukuperekezani. Mukati tibwerere, nditula.”

“Ndikanena zimenezo ntchito yanga yatha. Sindinena.”

“Ndiye tiyeni.”

Gologolo adayenda. Nsato adatsatira, chifukwa khungu lake lidali kutsogolo. Akathamanga, Gologolo ankakwera mtengo n'kukaima pa kanthambi kosatha kunyamula njoka. Akaima, Gologolo ankaimanso, mapazi khumi patsogolo. Adafika pamalire. Mudzi wonse udadikira liwu lija, koma Nsato adatseka pakamwa. Amayi adaimba nyimbo kawiri, katatu, mpaka idazilala yokha. Mmodzimmodzi adayamba kubwerera, poti kumbuyo adasiya ana. Mfumu Mbira adafuula ali patali kuti kazembe agwira ntchito yaikulu ndipo akadzabwera adzatula ndodo mosavuta.

Adatsala Nangozo. Adamufunsa mwamuna wake kuti nanga akapanda kunena mpaka kale. Gologolo adati ndiye azimuperekezabe, chifukwa tsiku limene adzatembenuke, Nsato adzatembenuka naye. Nangozo sadatsutse. Adatulutsa kamtolo kamene adakabisa m'nsalu, komangidwa ndi luzi. Gologolo adakayang'ana nthawi yaitali manja ali kumbuyo, poti tanthauzo lake adalidziwa bwino kuposa wina aliyense.

“Landirani, abambo,” adatero Nangozo. “Njala siidziwa mwambo.”

Adalandira.

Adayenda awiriwo. Adadutsa m'dziko la anyanga, kumene aliyense adayang'ana kumbali ngati sakuona kanthu. Adapitirira kumayiko amene Gologolo, ndi ukazembe wake wonse, adali asadawapondepo. Mvula idagwa n'kutha. Kamba adatha kalekale, khosi la Gologolo lidauma ndi katundu, mapazi adang'ambika. M'mawa uliwonse ankafunsa mwaulemu ngati abwana ali ndi mawu, Nsato ankati alibe, ndipo ankauyamba. Gologolo ankaimba nyimbo ija yekha, osati chifukwa choikonda, koma kuti aliyense wokumana nawo adziwe kuti uku n'kuperekeza, si kuba.

Pa ulendo wautali ngakhale adani amayamba kucheza. Popuma, wina ali pa nthambi wina ali pansi, Nsato adamufotokozera kuti adalondapo mayiko asanu ndi awiri, ndipo palibe ngakhale limodzi limene adauzidwa chifukwa chake akulilonda. Kwawo adakuiwala. Gologolo adamuuza za khonde lake, ndiponso za Bwampini, mmene ankabera limodzi mtedza ali ana. Nsato adati sadadziwe kuti adali ndi dzina. Gologolo adakhala masiku anayi osamuyankhula. Tsiku lachisanu, atafika pa mawu a njira youma, adamva kumbuyo kwake mawu apansi akuvomera. Sadacheuke, koma kuyambira pamenepo nyimboyo ankaimba awiri.

Chinthu chimodzi chinkamuyendetsa Gologolo: pa mwezi uliwonse umene ukuoneka, ankadziwa kuti ku Mpata palibe amene wamezedwa. Ankati bola zimenezo. Khonde adali atalitaya mumtima, koma ankadzitonthoza kuti walitaya pa chinthu chooneka.

Tsiku lina masana Khwangwala adawapeza. Adati wawafuna m'mayiko anayi, mapiko akupweteka, ndipo adayamba nkhani asadapatsidwe moni. Mfumu Mbira, atangoona kuti m'mudzi mulibe mlonda ndiponso mulibe kazembe, tulo tidamuthawa. Ndiye kudabwera nthumwi za Ng'ona, mfumu ya am'madzi. Zidati Njati ndi Kambuku tsopano ndi amodzi, nanga tsiku limene adzabwere onse pamodzi adzakutetezani ndani? Mfumu idaona kuti funsolo n'lomveka. Panopa Ng'ona akukhala m'chitsime cha ku Mpata, ndipo akuti n'kwa kanthawi chabe. Njati ndi Kambuku adayambananso, aliyense akuti mnzake ndiye adalekerera, ndipo za waganyu amene adamulemba palibe akuzikumbuka.

Gologolo adafunsa kuti izi zidachitika liti. Khwangwala adati patangotha masabata awiri iwo atachoka.

Adafunsa za Nangozo. Khwangwala adati ali moyo, madzi amakatunga kutali, kuchitsime sapitako. Uthenga sadapereke, adangofunsa ngati mwamuna wake akadayendabe.

Kudali zii. Gologolo adakhala pa nthambi khungu lili pamutu, akuwerenga miyezi imene adayenda pachabe, ndipo kupsa mtima komwe kudamukanika. Adangomva kutopa kukutsika m'thupi lonse mpaka kumchira. Nsato adagona pansi pa mtengo mutu uli pa fumbi. Patapita nthawi adaudzutsa.

“Akazembe,” adatero. “Mwandiperekeza mokwanira. Bwererani.”

Gologolo adatsika pang'onopang'ono. Kwa nthawi yoyamba adafika pafupi, osasiya mapazi khumi aja, n'kutula khungulo pamaso pa mwini wake. Lidali litang'ambikang'ambika, losaoneka ngati chinthu choyendera mtunda wonsewo. Nsato adalikokera kwa iye n'kufunsa Gologolo ngati tsopano akukapuma.

Gologolo sadayankhe zimenezo. Adapotoza khosi uku ndi uku, adayang'ana njira imene adadzera, kenako adafunsa.

“Inu mwayenda m'mayiko ambiri. Kodi ng'ona imafundula?”

“Siifundula.”

“Katundu?”

“Ilibe. Ndipo imene yalowa m'madzi sindidaionepo ikutuluka.”

Gologolo adagwedeza mutu. Adauza Khwangwala kuti atsogole, akamuuze Nangozo kuti mwamuna wake akadayendabe, ndipo akauze amayi a m'mudzi kuti nyimbo ija asaiiwale. Kenako adatembenuka n'kuyamba kubwerera. Sadafulumire, chifukwa miyendo idali itatha, ndiponso chifukwa njira yonseyo inkafunika kuti aganizire chimene ng'ona ingasenzeredwe.

Pamene iye adatembenukirapo, nthano yathu yatheranso pomwepo.